Njinga ya Kuchigwa

Kumene anakulira Tchova kunalibe phiri ngakhale la mankhwala. Dziko lake linali lathyathyathya ngati mphasa, moti ukaperekeza mlendo n'kubwerera pakhomo, umamuonabe akupita mpaka utatopa wekha kumuyang'ana. Anthu akumeneko akagula njinga yatsopano, ntchito yoyamba inali kumasula mabuleki ndi madigadi. Amati n'zolemetsa, zimangosokosa, ndipo m'dzinja matope akadzaza m'menemo tayala limakana kuzungulira. Zitsulo za mabuleki amakolowekera nyali kudenga. Ukafuna kuima umangoleka kupalasa, mchenga n'kukugwira wokha. Ukakhala pa changu, chidendene pa tayala lakumbuyo, basi waima.

Dzina loti Tchova silinali la makolo. Anamupatsa ndi anthu poona mmene amatchovera njinga. Munthuyo anali ndi miyendo. Ananyamulapo matumba, mbuzi, zitseko, ndipo tsiku lina anatengera apongozi ake kuchipatala pamodzi ndi mpando womwe anakana kudzukapo. Mwana anali naye mmodzi yekha, mtsikana wa miyendo yaitali, amene anayamba kulirira njinga asanathe n'kulankhula komwe. Tchova anamupezera kanjinga kofiira n'kukamasula zolemetsa zonse. Pomuphunzitsa amapalasa kumanja kwa mwanayo, dzanja lake lamanzere lili pamsana pa mwana, akumuuza mawu omwe mwana aliyense wakuchigwa amauzidwa.

"Njinga ikakuopseza usadumphe. Gwira mahandulo zolimba, leka kupalasa. Itopa yokha."

Mwanayo anamva, ndipo posakhalitsa anayamba kusiya anyamata m'fumbi. Anthu anamutcha Kamphepo. Kwa Kamphepo, padziko lonse panalibe munthu wodziwa njinga kuposa bambo ake, ndipo Tchova zimenezi zimamukomera kuposa china chilichonse.

Madzi osefukira atakokolola munda kachiwiri, mlamu wake anamupezera ntchito yoperekera buledi m'magolosale. Koma ntchitoyo inali m'tauni ina imene omanga ake ayenera kuti anali pa udani ndi njinga. Nyumba zinakwerana, khomo la uyu lili pamwamba pa denga la uyo. Bekale inali pamwamba penipeni, ndipo nyumba yomwe banjalo linapeza inali chapafupi pomwepo, chipinda ndi pabalaza. Magolosale onse anali kumunsi. Pakati pake panali msewu umodzi wokha.

Msewu umenewo umayamba mofatsa, ngati mlendo wongofika kumene. Ukadutsa thanki ya madzi umayamba kupendama, kenako n'kukhota pa nyumba ya kalipentala. Ukangokhota pamenepo dziko limakuthawa. Umaona mtsetse wowongoka, wautali, kumanzere kuli ngalande ndi mpanda wa zitsamba, kumanja kuli khoma lalitali la nyumba zosungiramo katundu. Kumapeto kwake kunalibe bwalo, kunalibe mchenga. Mtsetsewo umakathera mumsewu waukulu, momwe malole amadutsa motsatizana osayang'ana kumbali.

Eni dera anali ndi kakweredwe kawo. Aliyense akafika pa thanki amafinya mabuleki onse awiri, amati kulawa, ngakhale atalawa kale pakhomo. Pa mtsetse sapalasa. Amakhala chakumbuyo kwa chishalo n'kumafinya, kusiya, kufinya, kusiya. Ana awo asanadziwe bwino kupalasa amayamba aphunzira kugwa: njinga ikakuthawa iponye, dzigwetsere m'ngalande liwiro lisanakule, mabala amapola. Tchova atamva zimenezi anaseka chamumtima. Anthu amtundu wanji ophunzitsa ana awo kugwa?

Tsiku loyamba ntchito, kapitawo wa pabekale anamupatsa njinga ya kampani, yakuda, yolemera, ya madigadi ndi zitsulo zake zonse, makireti a buledi atamangidwa pakaliyala.

"Dzanja lamanzere ndi buleki yakumbuyo, muziyamba imeneyo," anatero kapitawoyo. "Lamanja ndi yakutsogolo. Mukaikoka yokha muli pa liwiro, muuluka opanda mapiko."

"Ine njinga ndinabadwa nayo, bwana," anayankha Tchova.

Anadutsa pa thanki osalawa kanthu. Anakhota pa kalipentala, njinga n'kunyamuka ngati yalumidwa ndi mavu. Analeka kupalasa n'kudikira kuti itope. Sinatope. Anaponya chidendene kumbuyo, chidendenecho n'kupeza chitsulo cha madigadi, n'kutererapo. Mphepo inamulira m'makutu. Kumunsi anaona lole ikudutsa, ina pambuyo pake, ndipo iliyonse imaoneka yaikulu kuposa inzake. Anafinya mabuleki onse ndi mphamvu za munthu womira, matayala analira, njinga inakwekwereza chammbali n'kukaima m'zitsamba. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Chiyambire kukwera njinga, aka kanali koyamba kuti imuopseze mpaka m'mafupa.

Kuyambira tsiku limenelo Tchova sanatsikenso mtsetsewo ali pa njinga. M'mawa amatuluka pa bekale ali pachishalo, msana uli njo, n'kudutsa pakhomo pake akuliza belu kuti mwana ndi mayi ake amuone. Akangokhota pa kalipentala, pomwe maso a kunyumba safika, amatsika n'kuyamba kukankha, manja onse atafinya mabuleki, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuperekeza wodwala. Pobwerera panalibe vuto. Chitunda amachikwera ali pachishalo mpaka pamwamba, zomwe ngakhale eni phiri amalephera, ndipo anyamata a pa thanki amamuimbira mluzu. Koma kutsika ayi.

Pang'ono chabe kumunsi kwa khona panali mayi wina wogulitsa makala, wa thupi lake, wa mawu osabisika. Onse amawatcha Mayi a Makala. Iwowa ndiye amamuona m'mawa uliwonse.

"Mwatsikanso, a Kuchigwa? Njinga yatani lero?"

"Tayala lachepa mpweya, amayi."

Mawa lake tcheni, mkuja tayala lomwe lija.

"Tayala lanulo limadwala tsiku ndi tsiku, kalipimitseni," anatero tsiku lina. Kenako anatsitsa mawu. "Achimwene, phirili tonse linatiopseza poyamba. Uzani anyamata a pa thanki akuonetseni. Sachedwa, m'mawa umodzi mwadziwa."

Tchova anathokoza mwaulemu n'kupitiriza kukankha. Akafunse ana kakweredwe ka njinga, iye Tchova? Safunsa anadya phula, akuluakulu ananena kalekale, koma mwambi umakoma ukamanena mnzako.

Choipa kwambiri chinali cha kunyumba. Amuna ena akachita mantha amakhala chete. Tchova mantha ake amatulukira pakamwa ngati matama. Kamphepo akafunsa pa chakudya kuti, "Ababa, mtsetse uja ndi woopsa? Anzanga kusukulu akuti unapha munthu," iye amaseka mokweza.

"Chulu chimenechi? Ine ndimangoti fyuu, ndafika. Amaopa ndi eni akewa. Ife akuchigwa sitiopa njinga."

Mwana maso amawala. Mayi ake amangoyang'ana m'mbale.

Kanjinga kofiira kanali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndipo nthawi iliyonse Tchova akakaona mtima umamugunda.

"Bambo a Kamphepo, kanjinga ka mwanaka kaikeni mabuleki," amatero mkazi wake. "Kuno si kwathu kuja."

"Mawa, mayi."

Koma wokonza njinga anali pa thanki pomwepo, pomwe amasonkhana okwera njinga onse a m'deralo. Kukafika pamenepo ndi njinga yopanda mabuleki kunali kudzitengera wekha ku bwalo la chiseko. Choncho mawa limenelo silimafika. Mwana anangomuuza kuti asakwere mpaka iye atanena.

"Chifukwa chiyani, ababa?"

"Chifukwa ndanena."

Podziwa kuti mwanayo ndi wake, ndipo mawu okha sangamumange, Tchova anachita kanzeru kena. Anaphwetsa matayala onse awiri a kanjingako, pampu ya pakhomo n'kumaitenga m'mawa uliwonse, kuikoloweka pa njinga ya kuntchito. Njinga yophwa siyenda, ndipo pampu ili ndi iye. Anadziona kuti wachenjera. Anali atatseka khomo popanda kunena kuti kunja kuli chilombo.

Tsiku la tsokalo linali Loweruka, kunja kutacha bwino, kopanda mtambo. Dzulo lake mnansi anali atabwereka pampu n'kuibweza madzulo, Tchova n'kuiika pawindo kuti m'mawa asaiiwale. M'mawa anachedwa kudzuka, anathamangira ku bekale, anamanga makireti, anadutsa pakhomo akuliza belu. Mkazi wake anali atapita kumpopi. Kamphepo anali pakhonde akusesa, ndipo anamubayibitsa ndi tsache.

Anakhota pa kalipentala, anatsika, anayamba kukankha. Atayandikira pa makala, dzanja lake linapita lokha pa chitsulo cha njinga, pomwe pamakhala pampu. Panalibe kanthu. Anapapasanso ngati mwina dzanja lanama. Anayang'ana. Timbedza tiwiri tinali pomwepo, topanda kanthu.

Anaiona pampuyo m'maganizo mwake, ili pawindo, dzuwa likuiwalira. Loweruka, kulibe sukulu. Mayi ake kulibe. Mwana amene amati akaona kuti bambo ake aiwala chinthu, amathamanga nacho asanatumidwe. Mwana amene anamuphunzitsa yekha kupopa tayala.

Anayesa kudzilimbitsa mtima. Mwina saiona. Mwina aiona koma akumbukira kuti analetsedwa. Mwina abwera wapansi. Koma mwana wake amamudziwa, ndipo amadziwanso zomwe iye mwini wakhala akumuuza madzulo aliwonse pa chakudya. Mawu aja anamubwerera m'makutu limodzi ndi kaseko kake komwe.

"Mwatani, a Kuchigwa? Mwaona njoka?" anafunsa Mayi a Makala.

"Amayi, ndionereni njingayi. Ndithamangire kunyumba, ndibwera pompano."

Anali akufunafuna poitsamiza pamene anamva belu. Linalira kumtunda, kuseri kwa khona, kabelu kosasa mawu kamene anakamangirira yekha ndi waya. Silimalira ngati belu lopempha njira. Limangolira lokha chifukwa cha kugwedezeka.

Kanjinga kofiira kanatulukira pa khona katapendekeka, kanatsala pang'ono kukhula khoma, kenako kanawongoka. Kamphepo anali pamenepo, diresi ikuuluka, pampu ataimangirira kumsana ndi nsalu. Sanali kupalasa. Manja anali pa mahandulo, owuma ngati nthambi. Phazi lamanja linali kumbuyo, patapata atamupanikiza pa tayala, ndipo fungo la labala wopserera linafika mwanayo asanafike.

"Dzigwetse! Iponye njingayo!" anakuwa Mayi a Makala atataya chitini cha makala. "Gwera m'ngalande, mwana iwe!"

Mwana wa pa phiri akanamva. Kamphepo anangotembenuza maso, maso aakulu oyera, n'kuwapeza a bambo ake ataima pansi pambali pa njinga yawo.

"Ababa! Sikutopa!"

Anawadutsa ngati mphepo yeniyeni. Patapata uja anathothoka n'kuuluka m'mwamba, ndipo Tchova anaona mwana wake akubweza chidendene chopanda kanthu pa tayala lozungulira.

Sanakumbuke mmene anakwerera. Anangozindikira ali pachishalo, mtsetse wonse uli tambalala kutsogolo kwake, uja amauopa ngakhale ali wapansi. Ndipo anachita chinthu chimene mwini phiri aliyense sangachite ngakhale ataledzera: anapalasa. Anaimirira pa mapedulo n'kutchova ndi miyendo yonse ya kuchigwa, njinga yolemera ija n'kudziponya kumunsi. Kireti yapamwamba inadula chingwe, buledi n'kumwazika mumsewu. Khoma la kumanja linasanduka mzere umodzi wotuwa. Misozi ya mphepo inamutsekera maso, akuphethira, akuona kadiresi kachikasu kutsogolo, kenako osakaona, kenako kukaonanso.

Mantha sanachoke ayi. Anali naye pachishalo pomwepo. Tayala lakutsogolo linagunda kadzenje, mahandulo anavina m'manja mwake, ndipo anamva mawu ake omwe akulira ngati a mwana. Koma kumunsi kunali kukula. Anatha kuwerenga zolemba za pa lole imene imadutsa. Itadutsa, kunaoneka mpata, kenako mphuno ya ina inatulukira kuseri kwa khoma.

"Kamphepo! Ndafika! Ndili pano!"

Chidendene chija chinali chitamuchedwetsako mwanayo, apo ayi sakanamupeza. Tayala lake lakutsogolo linafika pa tayala lakumbuyo la kanjingako, kenako pa chishalo. Thupi linachita zomwe linazolowera pa misewu ya mchenga: linamudutsitsa kumanja kwa mwanayo, dzanja lamanzere n'kuchoka pa handulo kupita pamsana pake. Anagwira nsalu yomangira pampu n'kuikulunga m'zala.

Pamenepo m'pamene anazindikira chomwe wachita. Dzanja lamanzere, la buleki yakumbuyo, linali pa mwana. Lomwe linatsala pa njinga linali lamanja.

Anaponya chidendene kumbuyo, mwa chizolowezi chomwecho chopusa, n'kuterera pa madigadi. Anayesa kufinya buleki yakutsogolo pang'ono. Njinga inanjenjemera yonse, tayala lakumbuyo linapepuka, kanjinga kofiira n'kumukoka dzanja ngati kakufuna kulizula paphewa. Anasiya. Njinga ziwiri pa liwiro limenelo sizingaime ndi dzanja limodzi, ndipo mpanda wa zitsamba unali pafupi kutha. Kupitirira pamenepo kunali miyala, kenako msewu waukulu.

"Siya mahandulo! Siya!"

"Munati ndisasiye!"

"Siya, mwanawe!"

Sanasiye. Mano anali atalumana, zala zitayera pa mahandulo. Anali mwana womvera, ndipo anagwira monga anaphunzitsidwira.

Tchova anasiya nsalu ija n'kukulunga mkono wonse m'chiuno mwa mwanayo. Anatseka maso, anapendamira kumanzere ndi thupi lonse, dzanja lamanja n'kukoka buleki mpaka kumapeto.

Kapitawo sananame. Anauluka. Anamva mwana akuzuka pa kanjingako, mahandulo akusomphoka m'manja mwake. Anaona thambo, zitsamba, thambo kachiwiri. Anayesetsa kuti msana wake ndiwo uyambe kufika pansi. Zitsamba zinathyoka, china chake paphewa pake chinathyoka nazo, kenako mutu unagunda m'mphepete mwa ngalande, kunja n'kuchita mdima kwa kanthawi.

Choyamba kumva chinali hutala ya lole, yaitali, ndi kulira kwa matayala aakulu. Kenako phokoso lalifupi, ngati munthu waponda chitini. Anadzutsa mutu. Kanjinga kofiira kanali katapitirira kokha, kopanda wokwera, ndipo tsopano kanali pansi pa lole, tayala limodzi litapindika ngati chipewa chakale. Woyendetsa loleyo anatsika atagwira kumutu, anagwada mumsewu n'kuyamba kusuzumira pansi pa matayala, akufuna mwini wa kanjingako.

Mwini wake anali pachifuwa pa Tchova, chafufumimba, ali zii. Tsitsi linali ndi masamba. Dzanja limodzi linali lende m'madzi akuda a m'ngalande.

"Kamphepo."

Palibe yankho.

"Kamphepo, mwanawe. Mayi wanga. Tadzuka."

Anafuna kumugwedeza koma dzanja lamanzere silinamumvere. Anamukhudza ndi lamanja, pakhosi, pamsana, osadziwa chomwe akufuna. Mantha onse a pa mtsetse anali masewera poyerekeza ndi awa. Aja anali ndi phokoso ndi mphepo, munthu umatha kupalasa. Awa anali chete, ndipo panalibe chochita. Anayamba kupemphera mawu osalumikizana, akulonjeza zinthu zomwe sanazimve n'komwe. Kumwamba kwa ngalande kunayamba kuoneka miyendo ya anthu.

Kenako kamsana kaja kanakwera. Mwana anakoka mpweya mokoka, ngati chitseko cha dzimbiri, anatsokomola, n'kuyamba kulira. Tchova sanamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko. Nayenso analira, pamaso pa anthu onsewo, osabisa nkhope.

Mayi a Makala anafika ali wefuwefu, chitenje chili m'manja. Anatsikira m'ngalande momwemo osasamala za madzi, anamunyamula mwana n'kumukhazika pa udzu, akumupapasa mikono, nthiti, mutu.

"Ali bwino, ali bwino. Mlomo wang'ambika, dzino lapita, koma Mulungu wamusunga. Tiye ndione phazi."

Atatembenuza phazi lamanja, mayi uja anatseka pakamwa ndi dzanja. Chidendene chonse chinalibe khungu. Tayala linali litadya mpaka mnofu wofiira, m'mbali mwake mutada ndi labala. Mwanayo anali atalipanikizabe mtunda wonse uja. Tchova anayang'ana kamodzi n'kutembenuza nkhope, koma anali ataona kale.

Amuna awiri anamukoka m'ngalande n'kumukhazika pambali pa mwana wake. Wina anakuwira woyendetsa lole kuti mwana ali kuno, ali moyo, ndipo bambo uja anangokhala pansi mumsewu momwemo. Wina anali kutola buledi. Mayi a Makala anang'amba chitenje ndi mano n'kuyamba kumanga chidendene, akulankhula okha za anthu obweretsa njinga zamaliseche pa phiri la eni.

Kulira kwa Kamphepo kunayamba kuchepa. Anapukuta magazi pamlomo ndi kuseri kwa dzanja, anapapasa kumsana, napeza kuti pampu ikadali pomwepo, yopindika pakati. Anaisolola n'kuipereka kwa bambo ake.

"Munaiwala," anatero. Kenako anawayang'anitsitsa, nkhope itakwinyika ngati pali china chomwe sichikumveka. "Ababa, mumayenderanji wapansi paja? Tayala linaphwa?"

Anthu omwe anaima pamenepo ambiri anali a mumsewu womwewo, omwe amamuona m'mawa uliwonse akukankha. Mayi a Makala anasiya kumanga, osadzutsa mutu. Bodza linali pafupi, mwana anali atalibweretsa yekha n'kuliika m'manja mwake. Kungoti eya, basi, n'kukhalabe Tchova.

Anayang'ana nsalu ya pachidendene, yomwe inali itayamba kale kufiira.

"Tayala linali bwino," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndimaopa, mwanawe. Mtsetse uwu ndimauopa. Ndinautsika pa njinga kamodzi kokha, unatsala pang'ono kundipha. Masiku onsewa ndimatsika wapansi."

Kamphepo anawayang'ana bambo ake. Sanakwiye, sanaseke.

"Bwenzi mutanena," anatero. "Inenso ndimauopa. Ndinaima pa thanki paja, ndimafuna kubwerera. Koma anyamata aja amandiyang'ana. Ndinati mwana wa a Tchova akabwerera, anthu awaseka ababa."

Tchova anagwada kuti amunyamule, mkono wamanzere n'kukana, wamanja wokha osakwanitsa. Anamubereka ndi Mayi a Makala. Iye anatsatira pambuyo kulowera kuchipatala, mkono uli lende, maso ali pa kaphazi komangidwa kamene kamagwedera pa chiuno cha mayi wa eni.